Mafunso a Owerenga: Kuteteza Boti la Matanga pa Doko Namondwe Akamabwera

Nyengo ya anamondwe a m'nyanja ya Atlantic, amene kumeneko amawatcha hurricane, imayamba pa 1 June n'kutha pa 30 November, ndipo imafika poipa kwambiri mu September. Owerenga angapo atilembera kufunsa za maboti a matanga amene amakhala m'madoko a ku Florida ndi ku zilumba za Caribbean pa nyengo imeneyi. Tasankhapo ena mwa mafunsowo.

Funso: Akonzi, chaka ndi chaka timaona zithunzi za maboti ataunjikana pagombe namondwe atadutsa. Kodi eni ake sachenjezedwa, kapena kumakhala kunyozera chabe?

Yankho: Amachenjezedwa ndithu, koma nthawi imachepa poyerekeza ndi ntchito yake. Likulu loona za anamondwe la National Hurricane Center ku Miami limapereka chenjezo loyamba kutatsala maola 48 kuti mphepo ya makilomita 63 pa ola ifike, ndipo lachiwiri kutatsala maola 36. Mphepo ikafika pa 63, munthu sangathenso kutsitsa thanga kapena kuyenda bwino pamwamba pa boti ponyowa. Choncho zonse ziyenera kutha mphepo yoyambirirayo isanafike, pomwe namondwe weniweniyo akadali kutali.

Tsono m'maola amenewo aliyense amafuna zofanana. Makina otulutsira maboti m'madzi amakhala ochepa, zingwe zimatha m'masitolo, milatho yomwe imatsegukira maboti imatsekedwa kuti magalimoto a anthu othawa aziyenda, ndipo mwini boti alinso ndi banja ndi nyumba zoti asamale. Amene amapulumutsa maboti awo ndi aja amene amagula zingwe mu May, n'kuyeseratu pomwe chingwe chilichonse chidzamangidwe, n'kulemba dongosolo lonse papepala. Makampani ambiri a inshuwalansi amafuna kuona dongosolo lotereli asanavomere kuteteza boti m'dera la anamondwe.

Funso: Achimwene anga akusamalira boti la matanga la mamita 11 ku Florida, abwana awo ali kunja. Namondwe akamabwera, alisiye pamadzi kapena alitulutse?

Yankho: Ngati mwayi ulipo, alitulutse. Bungwe la eni maboti ku United States la BoatUS lakhala likulangiza zomwezi kwa zaka zambiri. Chimene chimawononga maboti ambiri pa doko ndi madzi amene namondwe amawakankhira kumtunda. Namondwe Ian atafika kum'mwera chakumadzulo kwa Florida pa 28 September 2022, madzi ku Fort Myers Beach anakwera kupitirira mamita 3. Madzi akakwera chotero khoma lotchinga mafunde limamira, ndipo mafunde amalowa mwachindunji pomwe maboti amangidwa.

Komabe kumtunda kulinso zake. Boti la matanga limaima pa keel, chitsulo cholemera cha pansi pake, ndipo m'mbali limachirikizidwa ndi miyendo yachitsulo. Mphepo ikamagwedeza mlongoti, botilo limanjenjemera, miyendo imasuntha pang'onopang'ono, ndipo mvula ikafewetsa nthaka imatitimira. Limodzi likagwa limagwetsa linzake, mzere wonse n'kutha. N'zimene zinachitika ku Grenada mu September 2004 pa namondwe Ivan.

Auzeni achimwene anuwo kuti miyendo imangidwe iwiriiwiri ndi tcheni chodutsa pansi pa boti, ndipo pansi pa mwendo uliwonse aikepo thabwa lalikulu la pulayiwudi. Botilo likokedwe ndi malamba osatanuka, osachepera anayi, opita ku zitsulo zozikika m'konkire kapena zopotera m'nthaka. Mlongoti utsitsidwe ngati n'kotheka. Mabwalo ena osungirako maboti kumtunda ku Caribbean amakumba dzenje loti keel ilowemo kuti boti likhale pansi. Afunsenso kuti bwalolo lili pamwamba bwanji kuchokera pamadzi, chifukwa bwalo lotsika limamira ndipo maboti amayandama n'kuchoka pa miyendo yawo.

Funso: Ngati palibe malo kumtunda, boti limangidwe bwanji pa doko? Kodi kungowonjezera zingwe n'kokwanira?

Yankho: Sikokwanira, ndipo pamenepa m'pamene ambiri amalakwitsa. Yambani ndi kuona mtundu wa malo okocheza. Ena ndi okhomedwa pa mizati ndipo sasuntha. Pamalo otere madzi akakwera boti limakwera lokha, zomangirapo zikutsala pansi. Chingwe chachifupi chimakungika, kenaka chimaduka, kapena chimazula chitsulo chake, kapenanso chimakokera botilo pansi mbali imodzi. Ena ndi oyandama, amakwera limodzi ndi madzi motsatira mizati. Amenewa ndi abwinoko, pokhapokha mizatiyo ikhale yaitali. Pa namondwe Sandy mu October 2012, ku New Jersey ndi New York malo ena oyandama anakwera mpaka kupitirira nsonga za mizati, n'kupita ndi maboti omwe. Choncho yang'anani kutalika kwa mizati pamene madzi adzaza, ndipo muyerekeze ndi mlingo umene a zanyengo alengeza kuti madzi akwera.

Lamulo lake n'lakuti zingwe zikhale zazitali. Chingwe chilichonse chisachepere kutalika kwa botilo. Chingwe cha mamita 12 chimalola boti kukwera mamita awiri osakungika kwambiri, pomwe cha mamita 3 sichingathe. Boti liikidwe pakatikati pa malo ake, kutali ndi mizati ndi maboti ena, zingwe zikuchokera mbali zonse ngati ukonde wa kangaude: ziwiri kutsogolo, ziwiri zopingasana kumbuyo, ndi zina zazitali zoyenda m'mbali, zochokera kutsogolo kupita kumbuyo ndi kumbuyo kupita kutsogolo, zoletsa boti kuthamangira kukhoma. Chilichonse chikhale ndi chinzake chapadera. Pa mzati mangani m'mwamba, pamwamba pa mlingo umene madzi akuyembekezeka kufika. Ngati malo oyandikana nawo alibe boti, pemphani chilolezo muwagwiritse ntchito onse awiri. Mphuno ya boti iloze kumene mafunde angalowere.

Kukula kwa chingwe kumatengera boti: mamilimita 12 kwa boti losapitirira mamita 7.5, mamilimita 16 mpaka mamita 10, ndipo 19 mpaka 25 kwa okulirapo. Chikhale cha nailoni, chifukwa nailoni amatanuka n'kumeza mphamvu ya funde. Chingwe chakale chouma ndi dzuwa ndi mchere musachidalire.

Koma kutanuka komweko ndi kumene kumadula chingwe. Pamene chikudutsa pa chitsulo cha m'mphepete mwa boti, chimapita n'kubwerera pa funde lililonse kwa maola ambiri. Ulusi umakhulana, umatentha, ndipo mkati mwake umasungunuka. Mukaona chingwe chimene chinaduka pa namondwe, nthawi zambiri nsonga yake imakhala youma ndi yonyezimira, umboni woti chinapsa. Choncho paliponse pamene chingwe chikukhudza chinthu, chivekeni chotetezera chotalika pafupifupi theka la mita, n'kuchimanga kuti chisaterereke. Chabwino ndi nsalu yolukidwa ya poliyesita, kapena chikuto cha paipi yakale yozimitsira moto, chifukwa zimalola madzi kulowa n'kuziziritsa ulusi. Paipi ya pulasitiki imatsekera kutentha mkati, ndipo ife sitikulangiza. Ena amalumikiza kachidutswa ka chingwe cha poliyesita pamalo okhulanawo, nailoni n'kuyambira kunja kwa boti.

Musaiwale zitsulo zomangirapo. Chilichonse chikhale ndi mabawuti odutsa mpaka mkati, omangidwa pa mbale yachitsulo pansi pake. Chongokhomedwa ndi sikuluu chimazuka. Musamange zingwe zopitirira ziwiri pa chitsulo chimodzi, chifukwa chikazuka zonse zimapita nthawi imodzi. Zikachepa, mangani zina m'munsi mwa mlongoti ngati ndi uja wofika pa keel. Zotchinga zofewa zopachika m'mbali mwa boti ikani zochuluka, ndi thabwa pakati pa izo ndi mzati, ngakhale kuti ntchito yaikulu ndi ya zingwe.

Funso: Thanga lakutsogolo limapindika lokha pa waya wake. Bwanji osangolikulunga molimba n'kulisiya?

Yankho: Musatero. Mphamvu ya mphepo imakwera mofulumira kuposa liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Anamondwe amaikidwa m'magulu asanu potengera liwiro la mphepo: wa gulu loyamba amayambira pa makilomita 119 pa ola, wa gulu lachisanu pa 252, kutanthauza kuti wachisanuyo amakankha kupitirira kanayi. Mphepo yotere imapeza kangodya ka thanga lokulungidwa n'kulifunyulula. Likatseguka limagwedeza mlongoti mpaka kuuthyola, ndipo limakoka boti ndi mphamvu yomwe zingwe sizinakonzedwere. Thanga limodzi losiyidwa litha kuwononga maboti angapo oyandikana nalo.

Matanga onse atsitsidwe ndi kusungidwa kumtunda kapena mkati. Chotsaninso matenti a pamwamba ndi mafelemu ake, kaboti kakang'ono ndi injini yake, ma sola, ndi chilichonse chomasuka. Zingwe zokwezera matanga zilumikizidwe ku kachingwe kamodzi n'kukwezedwa kunsonga kwa mlongoti kuti zisakwapule. Chiwongolero chimangidwe pakati.

Kenaka ganizirani za mvula, chifukwa maboti ena amamira ndi madzi ochokera kumwamba. Mabowo otulutsira madzi pamalo okhala woyendetsa akhale oyera, opanda masamba. Tsekani mavavu onse olowetsa madzi a m'nyanja kupatula a mabowo amenewo. Matani mawindo ndi polowera mpweya ndi tepi yolimba, ndipo tsekani paipi ya utsi kuti mafunde asalowe mu injini, koma lembani chikumbutso pa kiyi kuti musadzalize injini musanatsegule. Mabatire akhale odzaza kuti pampu izigwira ntchito, pakuti magetsi a pa doko adzazima. Zulani chingwe cha magetsicho, tsekani mafuta ndi gasi, ndipo mapepala a boti mupite nawo. Jambulani zithunzi za momwe mwamangira.

Funso: Ndinamva kuti ena amathawira kum'mwera kapena m'mitengo ya m'madzi. N'zothandiza?

Yankho: Zimachepetsa ngozi. Ambiri amakasunga maboti ku Grenada kapena ku Chaguaramas m'dziko la Trinidad, chifukwa anamondwe safikako kawirikawiri. Koma pa 1 July 2024 namondwe Beryl anagunda chilumba cha Carriacou, gawo la Grenada, ali wa gulu lachinayi, ndipo maboti ambiri amene anabisala m'mitengo ya m'madzi yotchedwa mangrove ku Tyrell Bay anawonongeka. Mitengoyi imatchinga mafunde bwino, koma malo akadzaza, boti limodzi lomangidwa molakwika limagunda onse. Woponya nangula agwiritse ntchito awiri kapena atatu olozera mbali zosiyana, chingwe chake chikhale chotalika kakhumi kuya kwa madzi, powerengeranso kukwera kwake.

Funso: Kodi si nzeru kugona m'botimo kuti muzikonza zingwe usiku?

Yankho: Ayi, chonde musayese. Mphepo ikapitirira makilomita 119 pa ola simungaime, simungaone chifukwa cha madzi ouluka, ndipo chingwe chokungika simungachimasule kapena kuchikoka ndi manja. Malata ndi matabwa amauluka. Madzi akaphimba njira ya pa doko, potulukira palibe, ndipo opulumutsa anthu sangakufikeni mpaka mphepo itatsika. Palinso msampha wa diso la namondwe, lomwe ndi pakati pake: kumachita bata kwa kanthawi, munthu n'kutuluka, kenaka mphepo imabwerera mwadzidzidzi kuchokera mbali ina. N'chifukwa chake zingwe ziyenera kumangidwa mbali zonse kusanade. Mukamaliza, chokani mupite kumalo otetezeka.

Funso: Nanga namondwe akadutsa, choyamba n'chiyani?

Yankho: Dikirani kaye akuluakulu alole kulowa. Chenjerani ndi mawaya a magetsi ogwera m'madzi, matabwa othyoka ndi fungo la mafuta. Jambulani zonse musanasunthe kanthu, kenaka dziwitsani a inshuwalansi. Popani madzi, ndipo tsekani mabowo ndi lona. Ngati injini inamira m'madzi a mchere, isakhale pa mpweya osaisamalira, chifukwa dzimbiri limayamba m'maola ochepa. Itsukidwe ndi madzi opanda mchere, madzi achotsedwe m'masilinda, ndipo oilo ndi fyuluta zisinthidwe kangapo mpaka oiloyo atasiya kuoneka yotuwa.