Power supply yanga ili ndi chitetezo, nanga foni yapsa bwanji?

Funso: Amisiri, ndangoyamba kumene kukonza mafoni. Ndinagula power supply (makina opereka magetsi ku foni m'malo mwa batire) ya 30V 5A ndipo pa katoni analemba kuti ili ndi chitetezo cha shoti. Dzulo nditalumikiza foni yomwe imakana kuyaka, ndinangomva kafungo ka kupsa, bodi ya m'kati mwa foniyo n'kutentha kosagwirika. Chitetezocho chinali kuti?

Yankho: Pepani achimwene, zimawawa, makamaka foniyo ikakhala ya eni. Koma chitetezo anachilembacho ndi cha makinawo, kuti asapse mawaya ake akagundana. Za foni yanu sadziwa kanthu. Ngati malire a current (kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya) munawasiya pa 5A, makinawo anakankha mphamvu yonseyo kudutsa m'timizere ta kopa tochepetsetsa ta pa bodi, ndipo kwa iwo panalibe cholakwika. Woteteza foni ndinu.

Yang'anani kutsogolo kwa makinawo, muona timagetsi tiwiri, CV ndi CC. CV ikayaka ndiye kuti voltage ili pomwe mwaiika. CC ikayaka, current yagunda malire ndipo makina akutsitsa okha voltage kuti isapitirire. Mlonda wanu ndi ameneyo, koma amayima pomwe mwamuimika.

Ndiye foni isanafike pafupi, ikani 4V, poti batire ya lithium imakhala cha pa 3.7V ndipo ikadzaza imafika 4.2V kapena kuposerako pang'ono. Tsitsani current mpaka pansi, gunditsani waya wofiira ndi wakuda, kenako kwezani pang'onopang'ono mpaka 0.3A. Lekanitsani mawaya, lumikizani foni, batani loyatsira musalikhudze. Foni yabwinobwino apa sikoka kanthu kwenikweni. Mukaona CC yayaka, voltage yagwera pafupi ndi 0, shoti ilipo, ndipo mwaidziwa popanda kuwotcha chilichonse. Ikapanda kutero mpamene mungakweze mpaka 2A kuti foni iyake, chifukwa poyaka imakoka kwambiri.

Posaka pomwe pali shoti, ine ndimatsitsa voltage mpaka 1V, n'kukweza current pang'onopang'ono, bodi nditaipaka sipiliti. Maso pa bodi: paliponse pamakhala ponyowa, koma kachipangizo kamodzi kamayamba kuuma msanga ngati dontho la madzi pa chiwaya. Nthawi zambiri kamakhala ka capacitor kochepa ngati njere ya mchenga.

Pali vuto lina lomwe limandidetsa nkhawa kuposa shoti. M'makina olemera aja, okhala ndi thiransifoma mkati, muli transistor yaikulu, monga 2N3055, yomwe imachepetsa voltage. Ikafa, kawirikawiri imasanduka ngati waya wamba, ndipo voltage yonse ya mkati, yoposa 30V, imathamangira ku foni. CC siingathandize pamenepo, poti imadalira transistor yomweyo. Makina abwino amakhala ndi OVP payokha, chitetezo chodula magetsi voltage ikapitirira malire. Ena amagwiritsa ntchito crowbar, pomwe SCR, kachipangizo kogwira ntchito ngati switch, imachita shoti dala voltage ikangodumpha malire, kuti fyuzi ipse m'malo mwa katundu wa kasitomala. Ngati anu ali ndi OVP, iikeni cha pa 4.5V. Ngati alibe, muziyamba tsiku poyeza ndi multimeter zomwe zikutulukadi pa mawaya, osangokhulupirira manambala a pa sikirini.

Komanso muziyatsa makina kaye, foni pambuyo, chifukwa makina ena otchipa amalumphitsa voltage kwa kamphindi akamayaka. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, chotsani mawaya pa foni nthawi yomweyo, asadzabwere n'kuipeza yolumikizidwa.

Bodi ya dzuloyo musaitaye. Iyezeni pa 0.3A monga ndafotokozera, mwina chapsa ndi kamzere kamodzi komwe mungathe kulumikiza ndi jumper, kawaya kakang'ono kolumphitsa podukapo.