Filimu ya anyamata a ku Salima: zolakwa zina n'za umphawi, zina n'za kusasamala

Achimwene, mwafunsa ngati tiziyamikira filimu ya achifwamba imene anyamata a kuno ku Salima atulutsa pongoti ndi ana athu ndipo anaijambula ndi ndalama zochepa, kapena tizinena poyera kuti sinatuluke bwino, monga momwe ena akulembera m'gulu muno. Filimuyi ndaionera mpaka kumapeto, ndemanga za anthu ndaziwerenganso, ndipo ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikusakaniza zinthu zoyenera kulekanitsidwa. Amene akuti tiwalimbikitse akukankhira cholakwa chilichonse ku kusowa kwa ndalama, pomwe amene akuti ndi zachibwana akuseka makamaka zinthu zimene anyamatawa sakanatha kuzikonza popanda ndalama. Zolakwa zimene zaivulaza kwenikweni filimuyi sizikanafuna ngakhale tambala kuti zikonzedwe, koma ndi zomwenso sizikutchulidwa kwambiri.

Za umphawi ndizitchula mwachidule chifukwa aliyense waziona. Mfuti ya bwana wa achifwamba ikuonekeratu kuti ndi yosema, magazi afiira mopitirira muyeso, moto wa pakompyuta ukuyandama pamwamba pa nyumba osapsereza udzu ngakhale umodzi, ndipo galimoto imene ikuthamangitsa achifwamba ndi yomweyo imene achifwambawo anathawirapo poyamba, angoisintha nambala. Zimenezi sizindidetsa nkhawa. Ku Uganda, m'dera la anthu osauka la Wakaliga mumzinda wa Kampala, Isaac Nabwana anatulutsa filimu ya Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zimene akuti sizinafike madola 200, mfuti zake zinali zowotcherera kuchokera ku zitsulo zotayidwa, koma filimuyo inaoneredwa ndi anthu a m'mayiko ambiri. Oonera anadziwa kuti mfutizo si zenizeni ndipo anasangalala nazo chomwecho.

Ndikukupemphani kuti musadalire ndemanga za pa Facebook zokha pofuna kudziwa maganizo a oonera. Pitani ku vidiyo sho ina iliyonse ya kufupi ndi msika, kuja kuli mabenchi, chinsalu pakhomo ndi sipika panja, mukakhale kumbuyo n'kumayang'ana anthu m'malo moyang'ana kanema. Kumene ndinaionera ine kunali akabaza amene anapumira kutentha kwa masana, anyamata ogulitsa madzi ozizira ndi ana angapo amene anayenera kukhala ali kusukulu. Mfuti yosema itaoneka anthu anaseka kwambiri, wina anakuwa kuti mmisiri wake ndi wa pa Kamuzu Road, koma palibe amene anadzuka pabenchi. Patafika pamene bwana wa achifwamba akupangana ndi mnzake wa mwini filimu m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, anthu anayamba kucheza nkhani zawo, ena anatulutsa mafoni, ena anatuluka kukagula chinangwa. Chifukwa chake n'chakuti panalibe amene amamva zomwe awiriwo akukambirana. Anajambula mwera ukuomba, mphepo inadzaza maikolofoni, mafunde akuphwanyika kumbuyo, ndipo mawu a anthu anamira. Tsoka lake, pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa ndi pomwe woonera anayenera kudziwa kuti mwini filimu waperekedwa ndi mnzake wapamtima. Amene sanamve pamenepa anafika kumapeto akufunsana kuti awiriwa akumenyeranji.

Woonera wa kwathu kuno amaonera ndi khutu kuposa momwe ojambula ambiri amaganizira. Kwa zaka zambiri tsopano takhala tikuonera mafilimu a ku China, ku India ndi ku America otanthauziridwa m'Chichewa, momwe mawu a wotanthauzira amamveka bwino pamwamba pa phokoso lina lililonse, ndipo munthu amatha kutsatira nkhani ali panja pa vidiyo sho osalipira. Khutu lozolowera chotero silingapirire filimu ya Chichewa imene Chichewa chake sichikumveka. Kukonza vutoli sikulira ndalama. Aliyense wa kunyanja amadziwa kuti mwera uli ndi nyengo yake, makamaka miyezi yozizira, ndipo pali masiku amene nyanja imadzuka ili bata. Akanatha kudikira tsiku lotero, kapena kubisa foni yachiwiri m'thumba la malaya la wolankhulayo kuti izijambula mawu pafupi, kapenanso kubwereza mawuwo m'chipinda chopanda phokoso n'kuwalumikiza ndi zithunzi pakompyuta. Robert Rodriguez pojambula El Mariachi ku Mexico, filimu ya 1992 imene inadya madola pafupifupi 7,000 okha, ankayamba wajambula zithunzi, kenaka n'kuwauza ochita seweroli kuti abwereze mawu awo iye akuwajambula padera. Filimu imeneyo inapata mphotho yosankhidwa ndi oonera ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America mu 1993.

Chachiwiri chimene sindingachikhululukire ndi chilankhulo. Achifwamba a m'filimuyi, amene tauzidwa kuti anakulira ku Kaphatenga, akafuna kuopseza munthu akumasiya Chichewa n'kuyamba Chingerezi cha m'mafilimu a ku America, ndipo akuchilankhula movutikira, ngati mwana wa sitandade 5 amene akunena ndakatulo yoloweza pamaso pa mlendo wolemekezeka. M'malo mochita mantha, anthu akuseka, ndipo kuseka kumeneku n'kosiyana ndi kuja kwa mfuti yosema, chifukwa apa woonera wasiya kukhulupirira munthuyo. Amene anakumanapo ndi akuba usiku amanena kuti anthu aja salankhula zambiri, amangoti "gona pansi, foni ili kuti," ndi mawu otsika, m'Chichewa chomwechi. Ndalama sizithetsa vuto limeneli. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, inajambulidwa ndi zipangizo zapamwamba ndipo inaonetsedwa pa Netflix, komabe Amalawi ambiri anadandaula ndi Chichewa cha atengambali ochokera kunja. Anyamata athuwa ali ndi chuma chimene ojambula aja analibe, ndicho Chichewa choyamwira, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti akuchitaya pa nthawi imene chikufunika kwambiri.

Nkhani yeniyeniyo nayonso ndi yobwereka. Achifwambawa akulimbirana chikwama cha madola ndi mankhwala ozunguza bongo ochokera kudziko losatchulidwa, zinthu zimene mayi wogulitsa usipa ku Senga Bay sizimusowetsa tulo. Chimene chimasowetsa tulo anthu kuno tikuchidziwa tonse: ng'ombe zotulutsidwa m'khola usiku kumidzi ya kwa Khombedza, injini ya boti kapena chilimira chobedwa pagombe mwini wake asanamalize kubweza ngongole, wakabaza wa njinga yamoto amene watengedwa ndi munthu wooneka ngati kasitomala n'kukalandidwa njinga kutchire, ejenti wotumiza ndalama pafoni amene amatsatiridwa madzulo akaweruka. Nkhani iliyonse mwa izi ili ndi womuchitira chisoni, ili ndi wachinyengo wa m'mudzi momwemo amene amapereka uthenga kwa akuba, ndipo siifuna chikwama cha madola abodza. Apolisi a m'filimuyi nawonso si a dziko lino. Wapolisi akuwombera anthu atatu pakati pa msika n'kuvala magalasi akuda n'kumapita, osafunsidwa ndi wina aliyense, ndipo woganiziridwa mlandu akukhala m'chitokosi mwezi wathunthu popanda wotchula za khoti. Malamulo aakulu a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Sindikunena kuti zimatsatidwa nthawi zonse, koma ngati wolemba akufuna kuonetsa wapolisi wophwanya malamulo, aonetse kuti iye mwini akudziwa kuti lamulolo lilipo, pakhale wachibale wodandaula kapena wapolisi mnzake wochita mantha. Kucheza ola limodzi ndi wapolisi wopuma pantchito kapena wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi kukanawathandiza pa zonsezi.

Tsono ndinene zimene zinayenda bwino, chifukwa zilipo ndipo otsutsa akuzidumpha dala. Pamene mwini filimu akuthamangitsa wakuba pa njinga za kabaza kudutsa pakati pa mabenchi a tomato, wakuba n'kukhotera m'kanjira ka kuseri kwa zigayo, wojambula atakwera kabaza wachitatu kamera ili m'manja, anthu m'vidiyo sho muja anaimirira. Ena ankakuwa kumuuza mwini filimu njira yachidule yoti akamudulire kutsogolo, chifukwa makwalalawo amawadziwa. Malo amenewa sanalire galimoto, mafuta kapena moto wa pakompyuta, koma ndi omwe anthu akuwatumizirana pa WhatsApp. Winanso woyenera kutchulidwa ndi mayi wachikulire amene akusewera ngati mayi wa wakubayo. Apolisi atafika pakhomo, iye akupitiriza kupeta mpunga osadzutsa mutu, akuyankha mafunso ndi mawu amodzi amodzi, ndalama zobedwa zili pansi pa ufa m'ndowa imene waikhalira. Sanakuwe, sanalire, koma m'chipinda monse munali zii. Kwa ine mayi ameneyu ndiye waposa anyamata onse a zibakera ndi mateche, ndipo ndikukayikira ngati anapatsidwa mawu oloweza.

Pali nkhani ina imene amayi angapo aidandaula m'gulu muno, ndipo ndikugwirizana nawo. Kumapeto gulu la anthu likugwira wakuba mmodzi n'kumuotcha, nyimbo yachisangalalo ikulira, ngati kuti chilungamo chachitika. Mchitidwe wolanga okha oganiziridwa milandu waphetsa anthu m'dziko muno, ena mwa iwo osalakwa, ndipo apolisi ndi mafumu akhala akuudzudzula. Filimu ikhoza kuonetsa chinthu choipa, pakuti ndi ya umbanda, koma kuchionetsa n'kosiyana ndi kuchivinira, makamaka podziwa kuti m'mavidiyo sho athu ana amalowa popanda wowafunsa zaka. Bungwe la Censorship Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndi limene limaunika mafilimu ndi kunena msinkhu wa oyenera kuonera, ndipo anyamatawa ngati akufuna kuti ntchito yawo idzafike pa wailesi ya kanema ayenera kuzolowera kudzera kumeneko.

Kwa amene akuti tiwalimbikitse ndili ndi funso laling'ono: filimuyi munaipeza bwanji? Ambiri tinaiikitsa pa memore khadi kwa anyamata obena nyimbo, kapena tinalandira kwa mnzathu pafoni, ndipo kwa eni ake sikunapite kanthu. Bungwe la COSOMA lilipo loteteza ntchito za aluso, koma silingalondole foni iliyonse. Anzathu a ku Uganda aja ankatenga ma DVD n'kuyenda nawo khomo ndi khomo atavala zovala za m'filimu, kuti agulitse msanga okopera asanawapitirire. Ngati kulimbikitsa kwathu kuli kolemba "moto moto" pa Facebook basi, filimu yachiwiri idzakhalanso ndi mfuti yosema yomweyo, ndipo sitidzayenera kudandaula.

Choncho yankho langa, achimwene, ndi lakuti muwauze zoona, koma musankhe zoona zimene angathe kuchitapo kanthu. Za mfuti, magazi ndi galimoto zisiyeni, akuzidziwa kale kuposa inu. Auzeni kuti ku Senga Bay sitinamve kanthu, kuti achifwamba awo azilankhula Chichewa, kuti nkhani aitenge pakhomo pompano, ndipo afupikitse ndewu yomaliza imene yatalika mpaka omenyanawo akuoneka kuti atopa zenizeni. Muwauzenso kuti mayi uja asamutaye. Ngati wina m'gulu muno akuwadziwa, awafikitsirenso chenjezo ili: ndamva kuti malo ena a mumsika anajambula mwadzidzidzi osauza munthu, pofuna kuti anthu aoneke odzidzimuka zenizeni. Asadzabwerezenso. Mnyamata wothamanga ndi chikwama mumsika wa Salima, wina akukuwa kuti "wakuba" kumbuyo kwake, akhoza kugwidwa ndi anthu amene kamera sanaione. Ayambe adziwitsa apolisi, akuluakulu a msika ndi amfumu a deralo, ndipo pa tsiku lojambula pakhale anthu oima m'mbali ouza odutsa kuti ndi sewero.