Mafunso ndi Mayankho: Winx, hatchi yomwe inapambana ka 33 motsatizana

Funso: Ndimagwira ntchito ku Durban, ndipo chaka chilichonse mu Julaye mzinda wonse umatekeseka ndi mpikisano wa mahatchi wa pabwalo la Greyville. Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti ku Australia kunali hatchi yaikazi yomwe inatha zaka zinayi osagonjako. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga zingatheke bwanji, poti kuno hatchi yomwe yapambana chaka chino kawirikawiri imatsalira chaka chinacho? *Wowerenga wa ku Durban*

Yankho: Mnzanuyo sananame, a wowerenga. Hatchi imene ankanenayo dzina lake ndi Winx, ndipo kuyambira mu Meyi 2015 mpaka pa 13 Epulo 2019 inathamanga mipikisano 33 n'kupambana yonseyo. Mwa mipikisano imeneyi, 25 inali ya gulu lapamwamba kwambiri lotchedwa Group 1, momwe mumakumana mahatchi okhaokha omwe atsimikizira kale kuti ndi akatswiri.

Winx inabadwa mu Seputembala 2011. Bambo wake anali Street Cry, hatchi yomwe inapambanapo Dubai World Cup, ndipo mayi wake anali Vegas Showgirl. Mu 2013, ili ndi chaka chimodzi, inagulidwa pamsika wa Magic Millions ku Gold Coast pamtengo wa madola 230,000 a ku Australia, ndalama zomwe sizinali zodabwitsa pamsika wotere. Eni ake anali atatu, a Peter Tighe, mayi Debbie Kepitis ndi a Richard Treweeke, ndipo anaipereka m'manja mwa mphunzitsi Chris Waller wa ku Sydney. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti poyamba sinkaoneka ngati yapadera: pamipikisano 10 yoyambirira inapambana inayi yokha. Mu Epulo 2015 inakhala yachiwiri pampikisano wa Australian Oaks, kumbuyo kwa Gust of Wind, ndipo kumeneko ndiko kunali kugonja kwake komaliza. Patatha mwezi umodzi, pa Sunshine Coast Guineas, inali kumapeto kwenikweni kwa gulu pamene mpikisano unkayandikira kutha, koma inadutsa anzake onse ngati aima. Kuchokera tsiku limenelo palibe hatchi yomwe inafika pamzere womaliza Winx isanafike.

Tsopano funso lanu lenileni, loti zinatheka bwanji. Choyamba chili m'miyendo mwake. Anthu ambiri amaganiza kuti hatchi yothamanga kwambiri ndi yomwe imatambasula miyendo patali, ndipo mahatchi ena otchuka analidi otero, koma omwe anayeza kathamangidwe ka Winx anapeza kuti iyo inkaponda pafupipafupi koma mofulumira kwambiri, pafupifupi ka 170 pamphindi imodzi pamene anzake ankaponda pafupifupi ka 140. Phindu la kathamangidwe kotere ndi lakuti hatchi imatha kuwonjezera liwiro nthawi ina iliyonse wokwera akaipempha, kaya ndi pakona, kaya bwalo ndi louma, kaya kwagwa mvula ndipo pansi pali matope. N'chifukwa chake pamipikisano 33 ija Winx inkapambana pamitunda yosiyanasiyana, kuyambira mamita 1,300 mpaka 2,200, pamene mahatchi ambiri amakhala ndi mtunda umodzi womwe amaudziwa bwino.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pali yankho la zomwe mumaona ku Greyville, ndi nkhani ya katundu yemwe hatchi imasenza. Mpikisano wa Durban July uli m'gulu la mipikisano yotchedwa handicap, momwe akuluakulu oyendetsa masewerowa amaunika mphamvu za hatchi iliyonse n'kuipatsa kulemera koti inyamule. Hatchi ikapambana amaiwonjezera zitsulo m'chishalo, cholinga chake n'chakuti mahatchi onse akhale ndi mwayi wofanana. Choncho kupambana kwa lero ndiko kumaitana katundu wa mawa, ndipo kupambana motsatizana kumavuta zedi. Palinso mtundu wina wa mipikisano momwe kulemera kumatengera zaka za hatchi komanso ngati ndi yaimuna kapena yaikazi basi, osati mbiri yake. Pampikisano wa Cox Plate wa ku Melbourne, ku Australia, mwachitsanzo, hatchi yaimuna yokhwima imanyamula makilogalamu 59 ndipo yaikazi imanyamula 57, kaya inapambanapo kangati m'mbuyomo. Winx inapambana ma handicap akuluakulu awiri, Epsom mu 2015 ndi Doncaster Mile mu 2016, koma pambuyo pake a Waller ankaiika m'mipikisano ya mtundu wachiwiriwu, momwe hatchi yoposa zinzake siilangidwa chifukwa cha luso lake.

Chachitatu ndi chisamaliro. Hatchi yothamanga imalemera pafupifupi makilogalamu 500, ndipo thupi lonselo limagwera pamiyendo yopyapyala ikuthamanga liwiro loposa makilomita 60 pa ola. Kuvulala pang'ono kwa mtsempha kapena chiboda kumatha kuthetsa zonse. Winx inkathamanga mipikisano yowerengeka m'chigawo chimodzi cha chaka, kenako n'kupita kukapuma kumsipu kwa masabata angapo, n'kubwereranso chigawo china. Wokwerapo wake pafupifupi nthawi zonse anali mmodzi, a Hugh Bowman, omwe ankaidziwa bwino kotero kuti sankaithamangitsa mopitirira muyeso pamene kupambana kwaoneka kale. Ine ndimaona kuti anthu awiriwa sayamikiridwa mokwanira, pakuti kusunga hatchi yathanzi ndi yofunitsitsa kuthamanga kuyambira ili ndi zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri ndi ntchito yovuta kuposa kupambana mpikisano umodzi waukulu.

Musaganize kuti zonse zinkayenda mofewa. Mu Ogasiti 2017, pa Warwick Stakes ku Randwick, Winx inachedwa kutuluka pachipata choyambira ndipo anzake anaisiya ndi mpata wokwana mahatchi pafupifupi anayi atandondozana, pamtunda waufupi wa mamita 1,400 pomwe nthawi yokonza cholakwa imakhala yochepa. Inawapezabe, n'kudutsa womaliza itatsala pang'ono kufika pamzere. Mu Okutobala chaka chomwecho, pa Cox Plate, hatchi yotchedwa Humidor inaithamangitsa mpaka kumapeto ndipo anthu pabwalo la Moonee Valley anagwira mtima m'manja. Winx inapambana Cox Plate kanayi, kuyambira 2015 mpaka 2018, kuposa Kingston Town yomwe inapambana katatu pakati pa 1980 ndi 1982. Mpikisano wa Warwick Stakes uja anausintha dzina mu 2018 n'kukhala Winx Stakes hatchiyo ikadathamangabe.

Funso: Ndinamva pawailesi kuti Winx ndiyo hatchi yopambana zonse m'mbiri ya dziko lapansi chifukwa cha nambala ya 33 imeneyi. Koma mchimwene wanga yemwe amakhala ku England akuti imeneyo inkangogonjetsa mahatchi ofooka a kwawo ndipo inaopa kupita ku Ascot, bwalo lotchuka la mipikisano ya mahatchi ku England. Akunena zoona ndani? *Wowerenga wa ku Zomba*

Yankho: Onse awiri agwira mbali ya choonadi, koma palibe yemwe wachigwira chonse. Tiyambe ndi a pawailesiwo. Nambala ya 33 si yaikulu kuposa zonse. Ku Puerto Rico hatchi yotchedwa Camarero inapambana ka 56 motsatizana pakati pa 1953 ndi 1955, ndipo Kincsem, hatchi yaikazi ya ku Hungary yobadwa mu 1874, inathamanga ka 54 osagonjako moyo wake wonse, ikuyenda pa sitima ya pamtunda m'mayiko osiyanasiyana a ku Ulaya, mpaka kukapambana Goodwood Cup ku England mu 1878. Komanso nambala payokha siinena zambiri, chifukwa hatchi ikhoza kupambana kambirimbiri ngati mwini wake akuisankhira mipikisano yaing'onoing'ono. Frankel, hatchi ya ku England yomwe ankaiphunzitsa a Henry Cecil, inathamanga ka 14 kokha pakati pa 2010 ndi 2012 n'kupambana konseko, komabe akatswiri owerengera mphamvu za mahatchi padziko lonse anaipatsa mapointi 140, pamene Winx inafika pa 132. Choncho pofuna kuyeza kupambana kotsatizana, funso loyenera ndi lakuti inagonjetsa ndani, pamtunda wotani, itanyamula chiyani. Pamuyeso umenewu chomwe chimaikweza Winx ndi mipikisano 25 ya Group 1 ija.

Kunena za achimwene anuwo, n'zoona kuti Winx sinathamangepo kunja kwa Australia, ndipo n'zoonanso kuti mahatchi a ku Ulaya a mitunda yapakatikati nthawi zambiri amakhala amphamvu kuposa a ku Australia, dziko lomwe limadziwika kwambiri ndi mahatchi a mitunda yaifupi. Masiku ena Winx inkapikisana ndi mahatchi ochepa omwe inali itawagonjetsa kale kangapo, popeza eni mahatchi ena ankaizemba. Koma alendo omwe anabwera kudzaiyesa sanali ofooka. Highland Reel ya ku Ireland inakhala yachitatu kumbuyo kwa Winx pa Cox Plate ya 2015, ndipo chaka chotsatira inakapambana King George VI and Queen Elizabeth Stakes pa Ascot pomwepo komanso Breeders' Cup Turf ku America. Benbatl ya khola la Godolphin, yomwe inapambana Dubai Turf mu 2018, inabwera ku Melbourne pa Cox Plate chaka chomwecho n'kugonja ndi mpata wa mahatchi awiri. Pampikisano wake womaliza, Queen Elizabeth Stakes ku Randwick pamaso pa anthu oposa 40,000, yomwe inakhala yachiwiri inali Kluger ya ku Japan.

Mawu oti inaopa sindikugwirizana nawo, chifukwa hatchi siisankha ulendo, amasankha ndi eni ake, ndipo eni akewo anali ndi chitsanzo chowachenjeza. Mu 2012 Black Caviar, hatchi ina yaikazi ya ku Australia yomwe inathamanga ka 25 osagonjako, inatengedwa pandege kupita ku Royal Ascot. Inapambanadi Diamond Jubilee Stakes, koma ndi mpata wa mutu wokha patsogolo pa Moonlight Cloud, wokwerapo wake a Luke Nolen atafewetsa manja msanga, ndipo pambuyo pake madokotala a ziweto anapeza kuti inali itang'ambika minofu. Ulendo wochoka ku Australia kupita ku England umatenga tsiku lathunthu ndi kupitirira hatchi itaima m'bokosi, ndipo imafika kumalo komwe nyengo zatembenuka, chisanu cha kwawo chili chilimwe cha kumeneko. Mu 2018 eni ake a Winx anaganizira za Ascot n'kusankha kukhala, kuti ayesere Cox Plate yachinayi yomwe palibe hatchi inaipezapo. Tinataya mwayi woona mpikisano womwe ukanathetsa mkangano wa inu ndi achimwene anu, ndipo zimenezo zimandikhudza, koma sindingawadzudzule anthu omwe anaika thanzi la chiweto chawo patsogolo pa kutchuka.

Funso: Ngati hatchi ikupambana nthawi zonse chonchi, si ndiye kuti kubetcha pa iyo ndi ndalama yosakayikitsa? *Wowerenga wa ku Lilongwe*

Yankho: Ayi, ndipo ndikupemphani kuti maganizo amenewa muwataye. Aliyense akadziwa kuti hatchi ndi yamphamvu, makampani obetchetsa amatsitsa phindu lake mpaka kutsala pang'ono kutheratu. M'mipikisano yomaliza ya Winx, munthu wobetcha madola 100 ankapindula madola 10 kapena kucheperapo, kutanthauza kuti kugonja kumodzi kokha kukanafufuta phindu la maulendo 10 kapena kuposa. Ndipo kugonja kotero kumachitika. Ku Australia komweko, mu 1939, hatchi yotchedwa Ajax inali itapambana ka 18 motsatizana ndipo inalowa mpikisano wa Rawson Stakes womwe munali mahatchi atatu okha. Anthu ankaika mapaundi 40 kuti apindule imodzi, koma Spear Chief inaigonjetsa. Ku America, Cigar inapambana ka 16 n'kugonja kwa Dare and Go mu 1996, ndipo Zenyatta, itapambana ka 19, inalephera ndi mpata wa mutu wokha kumbuyo kwa Blame pa Breeders' Cup Classic ya 2010, womwe unali mpikisano wake womaliza. Mahatchi onsewa anali akatswiri enieni, koma chipata chochedwa, njira yotsekeka pakona kapena tsiku lomwe thupi silinadzuke bwino n'zokwanira kuti ndalama ya munthu ipite.

Funso: Nanga Winx ili kuti tsopano, ndipo ana ake akhoza kuthamanga ngati iyo? *Wowerenga wa ku Chipata*

Yankho: Itasiya kuthamanga mu 2019, itapezera eni ake madola oposa 26 miliyoni a ku Australia pamipikisano 43 yomwe inapambanapo 37, Winx inapita kufamu kukaswa. Mwana wake woyamba anafa pobadwa mu 2020, ndipo iyo yomwe inadwala kwambiri kotero kuti anaipumitsa kwa chaka. Mu Okutobala 2022 inabereka mwana wamkazi yemwe bambo wake ndi Pierro. Mwana ameneyu anagulitsidwa pamsika wa Inglis ku Sydney mu Epulo 2024 pamtengo wa madola 10 miliyoni, ndipo wogula anali mayi Debbie Kepitis, mmodzi wa eni ake a Winx, omwe sanafune kuti achoke m'manja mwa banja lawo. Palibe angalonjeze kuti ana a Winx angathamange ngati mayi wawo. Mahatchi onse a mtundu wa thoroughbred amachokera ku mahatchi aamuna atatu omwe anabweretsedwa ku England zaka zoposa 250 zapitazo, Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, ndipo mibadwo yawo yakhala ikulembedwa m'kaundula kuyambira 1791, komabe oweta amaonabe mahatchi aakazi otchuka akubereka ana wamba. Hatchi yaimuna imatha kukhala ndi ana oposa 100 pachaka, choncho mwayi woti mmodzi atengere bambo wake ndi waukulu, pamene yaikazi imakhala ndi bere miyezi 11 n'kubereka mwana mmodzi yekha.