Mwana wanga wayamba kutchuka ndi nyimbo za rap, ndimuletse?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo ngakhale la mwana wawo. Mwachidule analemba motere:

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 19, analemba MSCE chaka chatha ndipo anakhoza. Amaimba nyimbo za rap. Poyamba ndinkangoti ndi chibwana, koma pano nyimbo yake ikumveka pa siteji ya akabaza ndi m'mafoni a ana a m'dera lathu lino. Bambo wina wa ku Blantyre akuti akufuna akhale manejala wake. Amalume ake akuti zimenezi n'zauhule, asiyiretu. Ine mtima uli pawiri. Moyo wa mtsikana woimba zotere umakhala wotani? Ndimuletse?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Musamuletse. Mtsikana amene nyimbo yake yafika kale kwa akabaza sasiya kuimba chifukwa choletsedwa, amangosiya kukuuzani kumene akupita. Atsikana amene ine ndawaona akupwetekeka m'zoimbazi ndi omwe ankayenda mobisa, opanda wamkulu aliyense wodziwa kuti lero ali ku situdiyo iti, ali ndi ndani.

Ndiyambe ndi mawu a achimwene anu, chifukwa kwathu kuno mawu a malume salumphidwa. Mukawafotokozere mwaulemu kuti chamba cha hip hop, momwe muli rap, chinayambira m'manja mwa mtsikana wa sukulu. Pa 11 Ogasiti 1973, ku Bronx mumzinda wa New York, Cindy Campbell anakonza phwando pofuna kupeza ndalama zogulira zovala zotsegulira sukulu. Atsikana ankalipira masenti 25 pakhomo, anyamata masenti 50. Woika nyimbo anali mchimwene wake, DJ Kool Herc, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe anthu amawerengera kuti hip hop inabadwa. Mlongo ndi mlongo wake, ntchito ya pabanja.

Komanso si za kunja zokha ayi. Agogo athu ankapeka nyimbo pamtondo, munsi ukugunda ngati ng'oma, mawu akudzudzula mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta. Kulankhula zakukhosi motsatira kugunda kwa chinthu, amayi a ku Malawi anayamba kalekale. Mu Zomba momwe muno, chimbale cha akaidi a kundende yaikulu ija chinalowa pa mpikisano wa Grammy mu 2016, ndipo nyimbo zambiri za m'chimbalemo zinapekedwa ndi amayi, ngakhale kuti amayi m'ndendemo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amuna.

Tsopano za moyo weniweniwo, womwe suoneka pa vidiyo. Zaka zoyambirira woimba ndiye amalipira aliyense. Amagula biti kwa wopanga zing'wenyeng'wenye, amalipira situdiyo, amalipira wojambula vidiyo, amakwera minibasi kupita ku Blantyre kumene kuli mawailesi ndi makanema ambiri, n'kubwerera usiku. Nyimbo ikafala pa WhatsApp dzina limakula, koma thumba silisintha. Chifukwa chake mudzamuona akupatsidwa moni ndi tauni yonse kuyambira ku Mpondabwino mpaka ku Matawale, madzulo n'kudzakupemphani ya bandulo. Musaganize kuti akubisa ndalama. Nthawi zambiri kulibe.

Ndalama zikayamba kubwera zimachokera ku mashoo, ku makampani ofuna nkhope yake pa malonda, ku mabungwe ofuna nyimbo za uthenga, ndi ku COSOMA. Limeneli ndi bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo za anthu, monga mawailesi ndi malo achisangalalo, n'kugawira eni ake. Limagawanso ndalama za msonkho wa zipangizo zosungiramo nyimbo monga mafoni. Wosalembetsa salandira kalikonse, olo nyimbo yake ilire m'mawa ndi madzulo. Ndiye ntchito yanu yoyamba ndi imeneyi: muonetsetse kuti walembetsa, m'dzina lake lenileni, ndipo nyimbo iliyonse yalembedwa kuti wopeka ndi iye.

Pa nkhani ya bambo wa ku Blantyre uja ndiimepo pang'ono, chifukwa mpamene pali mtima wanga. Mamanejala abwino alipo, ndipo woimba sangakule popanda wina womuyendetsera zinthu. Koma ine ndinaona ndi maso anga mtsikana wina, wa luso loti ukamumva tsitsi limachita nyaunyau, atajambula nyimbo zisanu ndi imodzi ndi ndalama zomwe mayi ake anapeza pogulitsa mandasi. Mwini situdiyo anazitsekera m'kompyuta. Lero akuti magetsi, mawa akuti bwera usiku kukakhala kulibe anthu. Mtsikanayo anamvetsa tanthauzo la usikuwo, anakana, ndipo nyimbo zija sizinatuluke mpaka lero. Makolo ake anamva nkhaniyi patapita zaka ziwiri, chifukwa iye ankaopa kuti akaulula adzamuuza kuti tinakuletsa. Zimandiwawabe, chifukwa ndinali pafupi ndipo ndinachedwa kufunsa.

Choncho bamboyo muwaitane abwere kunyumba, masana, adzakhale pa mpando amalume ali pomwepo. Munthu wa zolinga zabwino sathawa makolo. Muwafunse oimba ena amene anawayendetsapo, ndipo mwana wanu akawafunse oimbawo payekha mmene anasiyanirana. Zonse zimene angalonjeze zilembedwe: azitenga gawo lanji pa ndalama iliyonse, mgwirizano ndi wa zaka zingati, ukatha nyimbo zidzakhala za ndani, ndipo amene watopa ndi mnzake angatuluke bwanji. Pepalalo lisasainidwe tsiku lomwelo. Ligone m'nyumba mwanu, mulionetse kwa wodziwa malamulo. Sukulu ya malamulo ya UNIMA ili pakhomo pathu pompano, simungasowe woti akuwerengereni. Chinanso chomwe ambiri amachipeputsa: mapasiwedi a YouTube, Facebook ndi TikTok azisunga mwana wanu, ndipo ndalama za shoo zizilowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya iye mwini. Oimba ambiri akakangana ndi manejala amapezeka ataya tsamba lomwe analimanga zaka zambiri.

Ku situdiyo asamapite yekha. Akhale ndi mchemwali wake, msuweni kapena mnzake wodalirika, ndipo tsiku lina mupiteko inu nomwe, ndi chitenje chanu chomwecho, mukapereke moni. Anyamata a ku situdiyo akadziwa kuti uyu ali ndi mayi ake amene amafika, kalankhulidwe kamasintha. Mumuuzenso kuti lamulo lili kumbali yake. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugonana naye, ndipo lamulo la za pa intaneti la 2016 limaletsa kuzunza anthu kudzera pa foni ndi pa masamba a mchezo. Bungwe la YONECO, lothandiza ana ndi achinyamata, likulu lake lili mu Zomba momwe muno, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support.

Za pa intanetizi mukonzekeretu mtima. Mnyamata akatulutsa nyimbo anthu amakambirana nyimboyo. Mtsikana akatulutsa amakambirana miyendo yake, zovala zake, ndi kuti wagona ndi ndani kuti afike pamenepo. Ena adzanena kuti mavesi amamulembera ndi mwamuna. Tsiku limene adzabwere kunyumba maso ali ofiira chifukwa cha ndemanga za anthu osamudziwa, adzafuna mayi, osati woweruza wina.

Mwina mukudabwa kuti luso lake lili pati, poti kwa akulu rap imamveka ngati kungolankhula mothamanga. Yesani kumvetsera bwino. M'Chichewa liwu lililonse limathera ndi a, e, i, o kapena u, ndiye kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta, ngakhale mwana wa pulayimale angathe. Katswiri amaoneka pofananitsa maphatikizo awiri kapena atatu, posewera ndi liwu la matanthauzo awiri, poika mwambi pamalo oti sumauyembekezera, ndi podziwa popumira kuti mpweya umufikitse kumapeto kwa vesi. Ngati mwana wanu akuchita zimenezi m'Chichewa, kapena akusakaniza ndi Chiyao kapena Chilomwe cha kwa agogo ake, mumulimbikitse asasiye. Tay Grin anadziwika kunja atatenga za Gule Wamkulu n'kuziika mu hip hop. Sho Madjozi wa ku South Africa amaimba m'Chitsonga atavala zakwawo, ndipo analandira mphoto ya BET mu 2019. Sampa the Great, wobadwira ku Zambia kuno kwa aneba, anali woyamba kupambana Australian Music Prize kawiri. Ine ndimakhulupirira kuti mtsikana wa ku Chinamwali wotengera kalankhulidwe ka oimba a ku Atlanta ku America adzakhala wachiwiri nthawi zonse, pomwe nkhani za pa mjigo, za mu minibasi ya ku Songani ndi za mayi wogulitsa tomato palibe wina angazinene kuposa iye.

Sukulu isaime. Apa ndili kumbali ya amalume, ngati nkhawa yawo ndi imeneyo. Mwayi wake ndi woti Zomba ndi tauni ya ophunzira. Ku Chanco, komwe pano timati UNIMA, amaphunzitsa zoimba ndi zisudzo, kuli wailesi ya Chanco, kuli Great Hall, ndipo ana a ku Chikanda ndiwo amayamba kufalitsa nyimbo zatsopano. Akasankhidwa kumeneko kapena koleji ina iliyonse, apite. Akapanda kusankhidwa aphunzire ntchito ina yamanja, kapenanso kupanga mabiti ndi kujambula mawu, kuti asamadikire mwamuna aliyense kuti nyimbo yake ituluke. Mugwirizane poyera kuti shoo isagwere mkati mwa mayeso.

Madzulo ano mukatha kudya, mumupemphe kope limene amalembamo mavesi, kapena foni ngati amalemba mmenemo. Akuwerengereni pang'onopang'ono, popanda biti, kuti mumve mawu okhaokha. Mukapeza otukwana mumuuze, ndinu mayi ake. Mukapeza okukhudzani mumuuzenso. Kenako musankhe vesi imodzi yoti akawerengere amalume ake Lamlungu likubwerali. Mudzandilembere zimene iwo anene, ndiponso ngati bambo wa ku Blantyre uja wavomera kubwera kunyumba.