Theka kaye, burashi pambuyo

Achimwene, musayerekeze! Zoti "pentani kaye, za ndalama tikamba mukamaliza" ndi zimene zinandiliza ine mu 2022.

Mayi wina wa loji ku Area 43 anaona ntchito yanga pa msika wa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Old Town. Akuti akufuna zithunzi 12 za penti wa madzi zoti akapachike m'zipinda: mtondo ndi musi, lichero, mtsuko, chipande, mthiko, nsengwa. Ndinafika mpaka ku Mitundu kukabwereka lichero la agogo, lija lakuda m'mphepete ndi utsi. Pepala lochindikala, lija amati la 300gsm, ndinachita kuitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa mnzanga wa geni, poti pepala wamba ukangolinyowetsa limakwinyika. Inali Januwale, mvula tsiku ndi tsiku, penti osauma. Lichero lokha masiku anayi! Pakati pa nsungwi zolukazo pamafunika kusiya pepala loyera, ukapakapo mwangozi basi, sungabwezenso.

Tsiku lokapereka mlonda anandiimika pageti ola lathunthu, zithunzi zili m'pulasitiki kukhwapa. Madamu atulukira, foni kukhutu, dzanja lina botolo la madzi ozizira. Akuzitembenuza ndi zala zonyowa, ine ndikungoyang'ana. Dontho linagwera pamimba pa mtsuko, ndikuona ndi maso angawa utoto wofiirira ukusungunuka n'kutsetsereka mpaka pansi. Iwo osaona n'komwe. Kenako amvekere, "Iii, koma zikuoneka zakumudzi kwambiri. Za njovu mulibe?" Zakumudzi! Nanga anaitanitsa mtondo ndani? Anthu amenewa mtondo amaufuna pakhoma pokha, ataupeza pakhomo pawo angachite nawo manyazi. Anasankha zitatu, mtengonso anadula okha. Ndinakwera minibasi ya ku Kawale ndili njenjenje ndi mkwiyo.

Ndiye inu landirani theka pa Mpamba kapena Airtel Money musananyowetse burashi, ndipo mtengo mulemberane pa WhatsApp. Pokapereka zikhale kale m'galasi, munthu asakhudze pepala. Muwauzenso asapachike poomba dzuwa, utoto umafwifwa.

Komabe musaume mutu kwambiri, makasitomala a mu Lilongwe muno sachedwa kuthawa. Zisanu ndi zitatu zotsalazo ndinapatsa aphunzitsi ena a ku Area 25 pangongole, opanda ngakhale tambala, ndipo analipira bwinobwino mwezi utatha. Cha mtsuko chija chili pabalaza panga ndi dontho lake. Lichero agogo akulifunsabe.