Mwana wanga wakana malo ku yunivesite, akuti akaphunzirira kuntchito

FUNSO

Zikomo a injiniya. Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Coventry, ku England. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, wakhoza bwino masamu ndi fizikisi pa mayeso a A-level ndipo yunivesite ina inamupatsa malo. Iye wakana. Akuti kampani ina yamutenga pa chimene akuchitchula kuti degree apprenticeship ya uinjiniya wa zamagetsi, azigwira ntchito kwinaku akuphunzira. Bambo ake akuti mwanayu akutaya bomwetamweta, abale nawonso akundifunsa ngati mwana tinkamunyadira uja akathere polumikiza mawaya m'nyumba za anthu. Ine tulo sindikupeza. Kodi digiri imeneyi ndi yeniyeni? Ndimuletse?

Mayi wankhawa, Coventry

YANKHO

Mayi, musamuletse. Digiriyo ndi yeniyeni, imaperekedwa ndi yunivesite, ndipo tsiku lomaliza mudzamuona atavala gauni ngati anzake onse. Boma linayambitsa njira imeneyi ku England mu 2015. Pa makwerero a maphunziro a kuno imawerengedwa pa Level 6, pamene pali digiri yoyamba ina iliyonse. Auzeni bambo ake kuti malo amene mwana wawo wapezawo amalimbiranidwa kwambiri. Makampani monga Rolls-Royce, BAE Systems, National Grid ndi Siemens amatenga achinyamata mwanjira imeneyi, ndipo wofunsira amadutsa m'mayeso ndi mafunso angapo asanamuvomere.

Za ndalama ndinene mwachidule. Mu 2025 fizi ya yunivesite ku England inafika £9,535 pa chaka, kutanthauza ngongole yopitirira £28,000 pa zaka zitatu, ya lendi ndi chakudya tisanaiwerengere. Mwana wanu fizi sadzalipira. Imachokera ku thumba limene makampani akuluakulu akhala akusonkhamo kuyambira mu 2017, ndipo ngakhale atasiyira panjira, malamulo salola kampani kumulipiritsa ndalama za maphunzirowo. Adzalandiranso malipiro mwezi ndi mwezi. Malipiro otsikitsitsa a apurentisi (wophunzirira pantchito) amene boma linaika mu Epulo 2025 anali £7.55 pa ola, koma makampani ambiri a uinjiniya amapereka opitirira apo. Chimodzi chokha dziwani: ngongole ya boma yothandizira ophunzira iye sangaitenge, ndiye ngati ntchitoyo ili kutali ndi kwanu, lendi idzachokera m'malipiro omwewo.

Nkhawa yanga ili pena. Ine ndinadzera njira yakale, kukhala pa yunivesite zaka zonse kenako n'kukafuna ntchito, koma kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuyang'anira achinyamata odzera njira yatsopanoyi, ndipo ndaona mmene imawatopetsera. Mwana wanu akukayamba ntchito, Mayi, ndi wotchi yake ndi bwana wake. Anzake akamadzapuma miyezi itatu m'chilimwe, iye adzakhala ndi masiku ochepa a tchuthi cha wantchito. Anzake adzamaliza m'zaka zitatu, iye zingamutengere zinayi kapena zisanu. Mtsikana wina amene ndinkamuyang'anira ankafika 7 koloko m'mawa, tsiku lonse ali chiimirire ndi nsapato zachitsulo kutsogolo kwa bokosi loyendetsera mamota, kufufuza waya umene ukuchititsa kuti makina azingozima. Madzulo akadya ankayala mapepala pa tebulo n'kuyamba masamu ovuta otchedwa a Laplace, mayeso ali mawa lake. Tsiku lina ndinamupeza m'kantini atagona chogwadira buku, tiyi atazizirira m'kapu. Masamu a digiri imeneyi sawapeputsa chifukwa choti munthu watopa ndi ntchito.

Komabe mtsikana yemweyo anandionetsa chimene njira iyi imapereka. Ine ndinamaliza digiri ndikudziwa kuwerengetsa mphamvu ya transifoma pa pepala, koma tsiku langa loyamba kuntchito manja ankanjenjemera. Iye pofika chaka chachiwiri ankadziwa kale mwambo umene umasunga moyo wa munthu wa zamagetsi. Amazimitsa swichi yaikulu, n'kuikhoma ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba lake lomwe, osapatsa munthu aliyense ngakhale bwana. Akatero amayamba wayesa tesita pa kachipangizo kodziwika kuti kali ndi moto, kuti atsimikize kuti tesitayo ikugwira. Ndiye amayesa mawaya amene akufuna kugwirawo, limodzi ndi limodzi, n'kubwereranso kukayesa tesita kachiwiri, poopa kuti mwina yafera m'manja n'kumunamiza kuti moto palibe. Magetsi a m'nyumba kuno ndi mavolti 230 ndipo amapha. A m'fakitale ndi 400. Mwana amene wachita mwambo umenewu kambirimbiri asanakwanitse zaka 21, akadzakhala pa kompyuta kujambula mapulani, adzajambula akukumbukira munthu amene adzalowetse dzanja m'bokosimo.

Abale aja ayankheni mofatsa. Wolumikiza mawaya m'nyumba ndi mmisiri wolemekezeka, ndipo ine sindilola munthu kumunyoza pamaso panga, koma imeneyo ndi ntchito ina yokhala ndi maphunziro akeake. Injiniya ndi amene amakonza pulani, kuwerengetsa kukula kwa waya, kusankha zotetezera, kuyesa makina atsopano ndi kufufuza chimene chachititsa ngozi. Inde mudzamuona mwana wanu atavala ovolosi ndi chipewa cholimba, makamaka zaka zoyambirira. Musadzaone ngati watsika.

Asanasaine pepala lililonse, khalani naye pansi mufunse kampaniyo zinthu izi. Choyamba, digiriyo ikuperekedwa ndi yunivesite iti, nanga ndi yovomerezeka ndi bungwe la IET, lomwe dzina lake lonse ndi Institution of Engineering and Technology? Apa m'pofunika chifukwa m'dziko muno injiniya amalembetsa ku bungwe la Engineering Council kuti adziwike pa mlingo wa IEng (Incorporated Engineer) kapena wapamwamba wa CEng (Chartered Engineer). Digiri yoyamba yovomerezeka imakwanira pa maphunziro ofunika kwa IEng, pamene CEng imafuna kuwonjezera za pa mlingo wa masitazi. Funsaninso ngati adzamuzungulitsa m'madipatimenti osiyanasiyana, chifukwa kukhala zaka zinayi pa benchi imodzi kuyesa chinthu chimodzimodzi kumafupikitsa munthu. Mufunsenso amene anamaliza chaka chatha kuti ali kuti lero.

Funso limene ndikufuna mulimbe nalo kwambiri ndi la nthawi yophunzira. Lamulo limati maphunziro azichitika mkati mwa maola olipidwa, ndipo muyezo wozolowereka ndi tsiku limodzi pa masiku asanu. Makampani ena amamasula mwana tsiku limodzi sabata iliyonse, ena amamutumiza ku yunivesite masabata angapo motsatizana. Zonsezi n'zabwino zikamatsatidwa. Pa kampani ina imene ndinagwirapo, makina akangowonongeka Lachitatu usiku, kapitawo ankauza mnyamata wina kuti Lachinayi asapite ku kalasi, adzabwezeredwa tsikulo. Silinabwezedwepo. Mnyamatayo, poti analeredwa mwaulemu, ankangoti chabwino bwana, mpaka analephera phunziro limodzi n'kulibwereza. Ndinadziwa mochedwa, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindinamufunse msanga. Ana athu timawaphunzitsa kusayankha akuluakulu, ndipo n'zabwino, koma muuzeni mwana wanu kuti tsiku la kalasi ndi lake mwalamulo. Likalandidwa kawiri katatu, akauze mphunzitsi amene yunivesite yamupatsa kuti azimuyendera. Pamakhala chikalata chimene kampani, yunivesite ndi iye mwini amasainirana, ndipo maola ophunzira amalembedwamo. Asunge kope lake kunyumba.

Dziwaninso kuti digiri yokha simaliza nkhani. Kumapeto kumakhala kuyesedwa kwina kumene kwakhala kukutchedwa end-point assessment, komwe amaonetsa ntchito yeniyeni imene wagwira ndi kuyankha mafunso pa iyo. Choncho kuyambira sabata yoyamba azilemba m'kabuku zimene wachita, chimene chinavuta ndi mmene anachithetsera. Amene amadikira chaka chomaliza amapeza zambiri ataiwala.

Pakhomo, gawo lanu ndi lalikulu kuposa mmene mukuganizira. Poti azidzalandira malipiro, abale adzayamba kumuona ngati munthu wamkulu wapantchito, woti azithandiza apa ndi apo ndi kupezeka pa zochitika zonse. Mutetezeni. Mayeso akayandikira mumuchotsere ntchito zina za pakhomo, azing'ono ake amupatse mpata pa tebulo, ndipo Loweruka lina mumulole agone mpaka dzuwa litakwera. Bambo ake muwatenge tsiku limene kampaniyo idzaitane makolo kapena kutsegula zitseko kwa alendo, akaone okha pamene mwana wawo azikagwira ntchito, akafunsenso okha mafunso amene ali nawo.