Kukakuderani pa phiri la Mulanje

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilobwe. Iye ndi anzake asanu a kuntchito akufuna kukakwera phiri la Mulanje Loweruka lina mu Julaye, kupita m'mawa pa minibasi n'kubwerera madzulo. Amayi ake akukana, ati kumeneko anthu amasowa. Funso lake ndi ili: "Kodi tsiku limodzi likwana? Nanga kutatidera tili pamwamba, tingafike bwanji kunyumba?"

Achemwali, amayiwo musawaseke. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands adalowera yekha cha ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, mpaka lero sadaonekenso. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya womuperekeza n'kupitirira yekha, ndipo thupi lake adalipeza patatha pafupifupi masabata atatu, atafa ndi chisanu. Agogo athu amati mizimu ndiyo imatenga anthu kumeneko, ndipo ine sinditsutsana ndi agogo. Ndingoti onse awiriwa adali okhaokha, pamalo pomwe nkhungu imatseka njira munthu asanamalize kumanga nsapato.

Sapitwa ichotseni kaye pa ulendo wanu. Nsonga imeneyo ili pa mamita 3,002, ndipo okafikako amayamba agona ku kanyumba ka alendo ka Chisepo. Chimene chimatheka pa tsiku limodzi kuchokera ku Blantyre ndi Dziwe la Nkhalamba, lomwe mumalifika mukayenda ngati ola limodzi kuchokera ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula. Amiyendo yolimba amafika ku Chambe, chigwa cha pamwamba pa phirili, n'kutsika tsiku lomwelo, koma amakhala atayamba kukwera 7 koloko isanakwane. Apa m'pamene ine ndidagwira njakata.

Tidali anayi, mwezi wa Juni. Tidafika pa siteji ku Limbe cha m'ma 7, koma minibasi siinyamuka isanadzaze, ndiye pa Chitakale tidatsika 10 koloko itadutsa. Tidakwera njinga zamoto mpaka ku Likhubula. Anyamata operekeza alendo adatizungulira, ine n'kuwakana. Ndidati njira ikuoneka yokha, ndalamayo tigulire zakumwa. Kuumira kumeneko kudali kwanga ndekha, anzanga adangonditsatira.

Pa dziwe tidasamba, kujambulana, kudya buledi. Kenaka mnzathu wina adayang'ana kumtunda n'kunena kuti, "Tafika kale pano, bwanji tingokwera pang'ono?" Mawu akuti pang'onowo! Njira ya Chapaluka imatsata mtsinje wa Likhubula, ndipo kakhota kalikonse kamakunamizani kuti pamwamba ndi pompo. Tidatulukira m'chigwa cha Chambe 3 koloko itapitirira, mawondo akunjenjemera, buledi watsala theka.

Chiperoni sichigogoda. Dzuwa lidali phwee, kenaka kamphepo kozizira kadatiwomba m'khosi, ndipo posakhalitsa mnzanga amene adali mapazi khumi patsogolo ndinkangomumva mawu. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera chakum'mawa, dzina lake idatengera phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo nyengo yake ndi yomwe mwasankhayo, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Imabwera ndi mvula yowaza yosaoneka ngati kanthu, koma malaya amanyowa mpaka mkati. Pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000 usiku wa Julaye kumazizira mpaka udzu kuyera. Munthu wonyowa, wanjala, wovala kamalaya kopyapyala safunika kugwa kuti afe.

Maganizo oyamba amene adatibwerera onse ndi oti titsate madzi, poti mtsinje umapita kumunsi. Achemwali, ichi chokha musadzachite. Mitsinje ya pa Mulanje siitsika mwaulemu ngati ya kumudzi. Imayenda bwinobwino pa udzu kenaka n'kudziponya paphompho, ndipo thanthwe lonyowa la kumeneko limaterera ngati therere. Khoma la Chambe la mbali yakumadzulo ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700. Mu nkhungu, m'mphepete mwa phompho simuona, mumangozindikira phazi litaponda mphepo.

Chidatipulumutsa si nzeru zathu. Mmodzi wa ife adatopa n'kukhala pansi, nati sasunthanso. Tidakhala naye, mokwiya, titaunjikana kuseri kwa mwala, tikukuwa mosinthana. Patapita nthawi tidamva chifuwa, kenaka mwa nkhungumo mudatulukira bambo wina wosavala nsapato, thumba paphewa, akuyenda ngati ali pabwalo pakwawo. Adatiyang'ana nsapato zathu zam'tauni n'kufunsa, "Wokuperekezani ali kuti?" Palibe adayankha. Tidawapempha kuti atitsitse, tiwalipira. Adapukusa mutu. "Usiku uno ayi. Tiyeni kunyumba ya alendo." Kanyumba ka Chambe kadali pafupi zedi, ife tikuzungulira pomwepo osakaona.

Tinyumba timeneti mutidziwe maina musananyamuke: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu. Timakhala ndi mlonda, malo osonkhapo moto ndi madzi pafupi, koma chakudya mumabwera nacho nokha. Mlonda wa tsiku limenelo adatisonkhera moto osatifunsa zambiri. Tidayanika masokosi pamwala wa pamoto, imodzi mpaka idapsa chala, ndipo theka la buledi lija tidaligawa panayi ndi madzi otentha opanda masamba. Sindidagone. Ndinkaganiza za amayi anga, omwe ndidangowauza kuti ndapita kokayenda, osatchula phiri. Mafoni awiri adali atazima chifukwa cha zithunzi za pa dziwe, ena awiriwo netiweki idalibe.

Kutacha kudayera ngati dzulo lake sikudachitike kanthu. Tidatsika njira ya Skyline, yotsetsereka koma yachidule, ndipo pena pake foni idagwira. Mawu oyamba a amayi sindingawalembe pano.

Tsono pali mbali ina imene anthu saiganizira: kutsika phiri si kufika kunyumba. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, mdima n'kugwa nthawi yomweyo. Kuchoka ku Likhubula kufika pa Chitakale ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo kuchoka apo kufika ku Limbe ndi oposa 60. Kukada, maminibasi amachepa, anjinga nawo amakweza mtengo poona kuti mulibe kolowera. Ndiye werengani chobwerera m'mbuyo. Ngati mukufuna kukhala pa Chitakale 5 koloko isanakwane, pa Likhubula mukhale mutatsika pofika 4, kutanthauza kuti 12 koloko ikakwana mutembenuke paliponse pamene mwafika, ngakhale wina alire kuti patsala pang'ono. Nthawi imeneyi mugwirizane muli m'minibasi, chifukwa pamwamba aliyense amasanduka wolimba mtima.

Woperekeza mumutenge pa Likhubula pomwepo, ndipo mtengo mumvane musanayambe. Anthu asanu ndi mmodzi mukasonkherana, aliyense sangamve kuwawa. Anyamata amenewa ndi omwe amathamanga mpikisano wa Porters Race, kukwera ndi kutsika phirilo maola osakwana atatu, ndipo njira amaidziwa ngakhale pomwe zidagumuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Lembetsani maina ku ofesi ya zankhalango, munene njira imene mukutsata. M'chikwama mukhale juzi, jekete kapena pepala lapulasitiki lotchinga mvula, tochi yeniyeni osati ya pafoni, machesi okulunga bwino, ndi chakudya choposa chimene mukuganiza kuti mudya. Foni imodzi izimitsidwe, isajambule chilichonse. Ndalama ina ikhale yogwirika m'thumba, yokwanira kugona pa Likhubula kapena pa boma zitavuta. Amayi muwapatse nambala ya woperekezayo ndi ola loti ayambe kuda nkhawa, mwina angakuloleni.

Ife tidafika pa Likhubula Lamulungu cha m'ma 11, ndalama zitathera kuthokoza bambo aja ndi mlonda. Tidaima pamsewu wochokera ku Phalombe mpaka kagalimoto kena ka matola kadatiimira. Woyendetsa adavomera kuti tikamulipira m'bale wa mnzathu akatitumizira pafoni. Tidakhala kumbuyo pamwamba pa zinanazi, minga ikutibaya m'matako, ine sokosi imodzi yopsa, mayi wina wogulitsa nthochi akutifunsa ngati tikuchokera ku maliro.